Gloxinia wanga wauma, kwatsala kambatata kokha: nditaye?

Mayi wina wa ku Matawale kuno ku Zomba walemba motere:

"Mwana wanga wamkazi adandibweretsera duwa la gloxinia pa Khirisimasi, lili mumphika wake, maluwa ofiira okhala ndi mkombero woyera. Lidachita maluwa mpaka mu Malichi. Kuyambira Epulo masamba adayamba kuchita chikasu. Ndakhala ndikuthirira tsiku ndi tsiku koma osasintha, pano mu Juni palibe tsamba ndi limodzi lomwe. Nditafukula ndapeza kambatata kabulauni. Kodi lafa? Mnzanga wa kutchalitchi wandipatsanso timbatata tiwiri touma, akuti n'ta mtundu womwewo, koma sindikudziwa kuti kumutu n'kuti. Ndithandizeni."

Mayi, khazikani mtima pansi, ndipo kuyambira lero lekani kuthirira. Zimene mwafotokozazi si imfa, ndi mmene gloxinia amakhalira. Akatha kuchita maluwa, masamba amafota pang'onopang'ono, chakudya chonse n'kutsikira m'kambatata kamene mwakapezako, kenako amagona miyezi iwiri kapena itatu. Ambiri amene amandipeza ndi dandaulo ngati lanuli amakhala atakhuthula kale mphika wonse kudzala. Ena amakhala atapha duwalo ndi chikondi chonyanya, kumathira madzi m'mawa uliwonse pa chomera choti chilibe tsamba lomwera madziwo. Inu mwachita bwino kufukula ndi kufunsa.

Tiyambe taona ngati kambatatako kali moyo, pakuti madzi a tsiku ndi tsiku kwa miyezi iwiri si ochepa. Kasaseni dothi, kaikeni m'manja, mukasindikize ndi chala chachikulu mbali zonse. Kamoyo kamakhala kolimba ndi kolemererako, ndipo mukakanda khungu pang'ono ndi chikhadabo, mnofu wake umaoneka woyererako. Chala chikamalowa, madzi n'kumatuluka, fungo n'kumamveka, ndiye kuti kawola. Kakakhala kopepuka, kokwinyika, kogugudika mkati, ndiye kuti kadauma kalekale, palibenso chochita. Koma nthawi zambiri chimene timapeza n'chapakati: kolimba ndithu, koma pena pake pofewa. Zikatero tengani mpeni wakuthwa, muupukute ndi sipiriti, mudule powolapo mpaka mufike pamnofu woyera wopanda mizere yabulauni. Pabalapo pakani makala osinja, mukasiye pamthunzi podutsa mphepo masiku awiri kapena atatu kuti bala liume. Malinga pamwamba potulukira mphukira pali bwino, kadzaphuka.

Kuti mumvetse chifukwa chake limagona, muyenera kudziwa kwawo kwa duwali. Lidachokera ku Brazil, m'nkhalango za kum'mwera chakum'mawa kwa dzikolo, madera ngati a Rio de Janeiro, kumene limamera m'mapiri, m'ming'alu ya miyala ndi pamithunzi ya mitengo. Madzi sakhalitsa pamalo otero, amangodutsa. Nyengo youma ikafika, chomeracho chimataya masamba n'kudalira nkhokwe yake ya pansi. Lidafika ku England kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, lili ndi timaluwa tating'ono toweramira pansi, ndipo alimi a maluwa a ku Ulaya ndi amene adalikwatitsa mpaka kutulutsa maluwa akuluakulu oyang'ana kumwamba ngati anuwo. Akatswiri a zomera amalitcha Sinningia speciosa, ndipo ndi dzina limeneli limene lingakuthandizeni pofufuza pa intaneti. Ndi pachibale ndi African violet, kaduwa kaja kamasamba aubweya kamene kwawo ndi kumapiri a Usambara ku Tanzania. Ngati mudasungapo kameneko, zambiri mukuzidziwa kale: masamba osafuna kunyowa, dzuwa losawomba mwachindunji, dothi lotayirira. Kusiyana kwake n'koti African violet alibe kambatata, choncho sagona.

Apa ndikuchenjezeni za malangizo a pa intaneti ndi a m'mabuku. Ambiri adalembedwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo amati dzalani mu Febuluwale kapena Malichi, mugoneke mu Okutobala. Kwathu kuno n'zotembenuka, chifukwa ife tili kum'mwera kwa equator limodzi ndi kwawo kwa duwali. Kuno gloxinia amagona m'miyezi yozizira, Meyi, Juni ndi Julayi, n'kudzuka mu Ogasiti kapena Seputembala kukayamba kufunda. Wanuyo sadalakwitse kalendala, watsata nyengo ya Zomba ndendende.

Tsono kuyambira pano mpaka Ogasiti ntchito yanu n'njochepa. Kambatata kanuko, poti mwakafukula kale, musakabwezere m'dothi lonyowalo. Kaikeni limodzi ndi tiwiri ta mnzanuto m'kabokosi kapena m'pepala lakhaki, muthiremo mchenga wouma kapena utuchi wouma, musunge pamalo amdima ndi ozizira. Kuzizira kwa pakati pa madigiri 10 ndi 15 ndiye kwabwino, ndipo m'nyumba zambiri za kuno mu Juni ndi Julayi, pansi pa bedi kapena m'kabati ya kuchipinda chosagona anthu sipatalikira pamenepo. Mufiriji ayi, mumazizira mopitirira. M'jumbo ya pulasitiki yomanga ayi, timachita thukuta n'kuwola, makamaka masiku a chiperoni pamene chinyontho chimalowa paliponse. Samalani ndi makoswe. Kamodzi pa masabata awiri tsegulani muone. Mukaona kena kakukwinyika, wazani timadontho ta madzi pamchengawo, osati pakambatata penipeni. Chaka chamawa simudzafunikanso kufukula: mudzangosiya kambatata mumphika wake, dothi louma, n'kuika mphikawo pamalo omwewo.

Musakadzutse, kadzadzuka kokha. Mukudziwa mmene kachewere wosunga amayambira kutuluka maso nthawi yake ikakwana, ngakhale ali m'thumba mumdima. Ndi momwemonso. Tsiku lina mudzatsegula n'kupeza timphukira taubweya, tofiirira kapena tobiriwira, tatuluka pamwamba. Imeneyo ndiyo nthawi yodzala, ndipo funso lanu loti kumutu n'kuti lidzakhala layankhidwa. Ngati mukufuna kudziwiratu, kambatata ka gloxinia kali ndi mbali imodzi yozungulira yotukuka, ina yolowa mkati pang'ono, pomwe pamaoneka zipsera za tsinde la chaka chatha. Yolowa mkatiyo ndiyo imayang'ana kumwamba. Tina timakhala tophwatalala mbali zonse moti n'kovuta kuzindikira. Totero tigonekeni pamwamba pa mchenga wonyowa pang'ono pamalo ofunda, mudikire mphukira ikuuzeni. Kudzala chadodolido kumachedwetsa mphukira, ndipo nthawi zina imawolera pansi isanapeze njira. Kakafika kumapeto kwa Seputembala kadakali chete koma kolimba, kadzaleni basi, kufunda ndi kachinyontho zidzakadzutsa.

Pa dothi ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene nkhani yonse imapindulira kapena kuonongekera. Dothi la kudimba kapena katondo wa pabwalo musagwiritse ntchito palokha. Mumphika limagwirana, likanyowa limachita phala, likauma limalimba gwa, ndipo mizu ya gloxinia n'njopyapyala kwambiri, singaboole. La pamene padali tomato kapena fodya ndiye lingabwere ndi tinyongolotsi totupitsa mizu. Chimene ndimasakaniza ine ndi ichi: magawo awiri a manyowa a masamba owolerana bwino, aja akuda ofumbutuka amene mumawapeza pansi pa mtengo pomwe zinyalala zakhalitsa, osefa, gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje wa maso akuluakulu, wotsuka, gawo limodzi la mankhusu a mpunga owolerana kapena owauka. Mankhusuwa kuno sasowa, mpunga wa ku Domasi ndi wa kuchigwa cha Chilwa umapunthidwa m'zigayo za m'tauni momwemuno. Onjezerani dzanja limodzi la makala oswa tizidutswa. Masamba a paini owolerana nawonso ndi abwino, popeza duwali limakonda dothi lowawasirako pang'ono. Pachifukwa chomwecho musathire phulusa kapena laimu. Manyowa a nkhuku aawisi amawotcha. Mukasakaniza, nyowetsani pang'ono, mufumbate m'dzanja: lisadonthe madzi, ndipo mukatambasula dzanja n'kuligunda ndi chala limwazike. Ngati mungathe, liikeni m'jumbo yakuda mulisiye padzuwa masiku angapo, kapena mulithire madzi owira n'kulisiya lizizire, kuti tizilombo tichepe.

Mphika usakule. Anthu amaganiza kuti mphika waukulu ndi ulemu kwa duwa, koma dothi lochuluka limasunga madzi amene mizu yochepayo singamalize. Wa masentimita 12 mpaka 15 kukamwa kwake ndi wokwana kambatata kamodzi, kusiya mpata wa zala ziwiri kuzungulira. Wosazama ndiye wabwino. Miphika yadothi yowotcha imapuma, ndipo ndimaikonda kuposa yapulasitiki, koma ngakhale chigubu chodula chimagwira ntchito malinga mwaboola mabowo okwanira pansi. Wopanda bowo, ngakhale akongole bwanji, ayi. Ngati mubwereza mphika wakale uja, utsukeni ndi sopo n'kuuyanika padzuwa.

Podzala musakwirire. Khazikani kambatata kuti msana wake ulingane ndi dothi, kapena kaphimbidwe ndi dothi losapitirira sentimita imodzi. Ine ndimasiya pakati polowa paja poonekera mpaka masamba oyamba atatambasuka, kenako n'kuwaza kadothi pang'ono. Thirirani mozungulira m'mbali mwa mphika, madzi ochepa, osalola kuti akhale m'kadzenje ka pakatipo. Masabata oyambawa ndi oopsa kuposa ena onse, chifukwa mizu sinatuluke. Dothi lingokhala lachinyezi basi. Mphukira zikatuluka zambiri, siyani imodzi kapena ziwiri zamphamvu, zinazo muthyole zikafika masentimita 4 kapena 5. Zimawawa mtima kuthyola, koma mukazisiya zonse mudzakhala ndi chitsamba cha masamba othinana ndi maluwa ochepa. Zothyolazo musataye, zitsikeni m'mchenga wonyowa, zimagwira.

Kuwala kukhale kochuluka koma dzuwa lisawombe masamba masana. Zenera la kum'mawa ndilo labwino, duwa lilandire kadzuwa ka m'mawa kenako mthunzi wowala tsiku lonse. La kumadzulo mu Okutobala ndi ng'anjo, pokhapokha pali katani yalesi. Khonde lofolera ndi labwinonso ngati silifika mvula yowomba ndi mphepo. Chomeracho chidzakuuzani chokha. Masamba akamaimirira, tsinde n'kumatalika moonda, kuwala kwachepa. Akamachita mawanga ouma abulauni kapena kuyezuka, dzuwa lanyanya. Chikakhala pabwino masamba amagona chophwatalala kuzungulira mphika, obiriwira bwino. Muzitembenuza mphika pang'ono sabata iliyonse kuti chisapendekere mbali imodzi.

Masamba akakula, kathiriridwe kamasintha. Pisani chala m'dothi. Pamwamba pakauma, thirirani. Pakakhala ponyowa, dikirani. Musawerenge masiku, chifukwa mu Okutobala mphika ungaume pa masiku awiri pamene mu Januwale ungatenge sabata. Njira yosavuta ndi kuthira madzi m'mbale, kukhazikamo mphika kwa mphindi 20 kapena 30, kenako kuuchotsa n'kutaya otsalawo. Mphika usagone m'madzi. Masamba ake ndi aubweya, dontho likagwerapo silitsetsereka, ndipo madzi ozizira amasiya mawanga achikasu osachoka. Madzi a pampopi kuno, makamaka m'mawa, amatuluka ozizira ndithu, choncho tungani madzulo agone m'ndowa m'nyumba. A mvula ndiye abwino koposa. Fumbi pamasamba lichotseni ndi kaburashi kofewa kouma, osati nsalu yonyowa.

Feteleza yambani patatha mwezi ndi theka mutadzala. Gulani wosungunula m'madzi wa maluwa kapena wa tomato, muchepetse muyezo wolembedwa pabotolo ndi theka, muzithira kamodzi pa masabata awiri, dothi lili lonyowa kale. Urea ndi CAN wa kumunda asayandikire. Mbulu zochepa chabe zimapsereza mizu mumphika waung'ono chotero, ndipo ngakhale chomera chipulumuke, chimangochita masamba aakulu opiringizika popanda maluwa.

Mukadzala mu Ogasiti kapena Seputembala, yembekezani maluwa patatha miyezi itatu kapena inayi, cha mu Novembala mpaka Januwale. Koma pakati pamenepa pali Okutobala, ndipo ndi mwezi umene umagwetsa ambiri mphwayi. Gloxinia amasangalala pakati pa madigiri 18 ndi 24. Kuno mu Okutobala masana kumafika cha m'ma 30, mpweya uli wouma, ndipo ku Matawale kwanuko n'kotentherapo kusiyana ndi nyumba za m'tsinde mwa phiri. M'nyumba yamalata yopanda siling'i ndiye kumaposa apo. Zotsatira zake, timitu ta maluwa timatuluka bwinobwino, mtima n'kuyamba kukondwa, kenako timada n'kuuma tisanatseguke. Kuti mupewe zimenezi, sunthirani mphika kuchipinda chozizirirapo, muutsitse pafupi ndi simenti ya pansi pomwe sipatentha. Tengani thireyi, yalanimo timiyala, thirani madzi osafika pamwamba pa timiyalato, mukhazike mphika pamenepo kuti nthunzi izikwera m'masamba. Kupopera madzi pamasamba ayi. Musauikenso pafupi ndi mbaula, kapena pambali pa nthochi zimene zikupsa, pakuti utsi ndi mpweya wotuluka m'zipatso zakupsa zimayoyola maluwa.

Mvula ikayamba vuto limatembenuka. Chinyontho chimene duwali limachifuna chimabwera chokha, koma mu Januwale ndi Febuluwale, mvula ikagwa mosalekeza, mumayamba kuona chuku chotuwa pamaluwa ofota ndi pamasamba okhudza dothi. Chotsani duwa lililonse likangofota, ndi phesi lake lomwe, tsegulani zenera mphepo izidutsa, chepetsani madzi. Choopsa kwambiri ndi kuwola kwa pakhosi, pomwe tsinde limakumana ndi kambatata. Chizindikiro chake chimapusitsa: masamba onse amalefuka ngati chomera chili ndi ludzu, pamene dothi lili lonyowa. Munthu amathamangira kuthira madzi ena, n'kumalizitsa. Mukaona kulefuka, yambani mwapisa chala. Ngati dothi n'lonyowa ndipo pakhosi pada, zulani, dulani powola monga ndafotokozera, ndipo dulaninso tsamba limodzi kapena awiri abwino mutsike kuti mtundu usathe.

Tizilombo sitivuta kwambiri m'nyumba, koma tilipo. Kodikodi, uja woyera wa pachinangwa, ali ndi abale ake amene amabisala m'makhwapa mwa masamba. Mukhudzeni ndi thonje loviika m'sipiriti, mmodzimmodzi. Nsabwe za m'masamba zichotseni ndi kaburashi zisanachuluke. Tovuta ndi tosaoneka bwino ndi maso: thrips, amene amasiya mizere yotuwa pamaluwa ndi ufa wachikasu womwazika, ndi tinthata tina timene timachititsa masamba a pakati kukhala aang'ono, olimba ndi opotoka. Mankhwala opopera tomato kapena thonje musawabweretse m'nyumba mogona ana, komanso ambiri amapsereza masamba aubweyawa.

Maluwa oyamba akatha, musafulumire kugoneka. Dulani tsinde kusiya masamba awiri apansi, pitirizani madzi ndi feteleza, ndipo kawirikawiri pamatuluka mphukira zatsopano zimene zimachitanso maluwa, ngakhale ocheperapo. Zikadzafika mu Epulo masamba n'kuyamba chikasu, lekani feteleza, muzitalikitsa masiku othirira mpaka kusiyiratu. Masamba musawadule akadali obiriwira, ndi amene akudzaza nkhokwe ya chaka chamawa. Adikireni aume okha.

Pali chimodzi chimene sindingakubisireni. Gloxinia ambiri ogulitsidwa m'masitolo masiku ano amachokera ku njere, ndipo adapangidwa kuti achite maluwa msanga, agulidwe, akatha atayidwe. Ena mwa iwo timbatata tawo timakhala tating'ono, tosalimba kugona. Wanuyo akakana kudzuka mutachita zonse bwino, musadziimbe mlandu. Timbatata ta mnzanuto, ngati takhala tikuphuka kwa iye chaka ndi chaka, ndimatidalira kwambiri kuposa ka kusitolo. Mufunseni mwezi umene iye amadzala ndi pomwe amaika mphika wake, chifukwa zimene zayenda m'nyumba ya kuno komweko zimaposa za m'buku.

Mukadzafuna kuchulukitsa, njira yosavuta ndi ya tsamba. Mu Novembala kapena Disembala dulani tsamba lokhwima lathanzi ndi phesi lake la masentimita 2 kapena 3, pogwiritsa ntchito lezala yatsopano. Litsikeni m'kapu ya mchenga wonyowa wosakaniza ndi mankhusu, vundikirani ndi jumbo yoonekera mkati yoboola timabowo, muike powala popanda dzuwa. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, kunsonga kwa phesi kumatupa kambatata kakang'ono. Nthawi zina tsamba limauma osatulutsa mphukira. Musataye kapuyo, fukulani muone, kambatata kangakhale kalipo kakudikira nyengo yake. Kambatata kakakulu ka zaka zingapo kangathenso kudulidwa pakati pamene kayamba kuphuka, chidutswa chilichonse chili ndi mphukira yake, mabala opaka makala ndi kuumitsa. Koma njira imeneyi imawoletsa kawirikawiri, sindingakulangizeni kuiyesa muli ndi timbatata titatu tokha. Njere zake n'zazing'ono moti mpweya wa pakamwa ungaziulutse, zimafesedwa pamwamba osakwirira, ndipo zimatenga pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi kuti zichite maluwa.

Za chitetezo: gloxinia sadziwika kuti ndi wapoizoni kwa anthu, amphaka kapena agalu, komabe si chakudya, ndipo timbatata togula nthawi zina timakhala topaka mankhwala oletsa kuwola. Tisungeni kutali ndi khitchini ndi ana. Mwana akatafuna kotero n'kuyamba kusanza kapena kumva m'mimba, pitani naye kuchipatala mutanyamula chotsalacho. Ndipo wachibale akafuna kukubweretserani timbatata kuchokera kunja kwa dziko, ayambe wafunsa za chilolezo, pakuti zomera sizidutsa pachipata popanda makalata a zaumoyo wa mbewu.

Pali zizindikiro zimene simuyenera kulimbana nazo nokha. Mukaona masamba ali ndi mizere yozungulira yabulauni kapena yachikasu, chomera chikupinimbira ngakhale madzi ndi kuwala zili bwino, angakhale matenda a vairasi amene amafalitsidwa ndi thrips, ndipo alibe mankhwala. Chimodzimodzinso masamba a pakati akapotoka ndi kulimba, kapena timbatata tikamawola chaka ndi chaka ngakhale mwasintha dothi. Chomera chotero chipatuleni msanga kwa maluwa ena, sambani m'manja musanagwire mphika wina. Muli ndi mwayi kuti likulu la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi lili konkuno ku Zomba, ndipo kuli anthu odziwa zomera amene mungawafunse. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu nawonso amadziwa bwino tizilombo ta mbewu zamasamba, tomwe tambiri ndi tomweti. Popita, ikani tsamba lodwalalo m'jumbo yomanga, jambulani chomera chonse pafoni, ndipo mukawauze mwezi umene mudadzala, dothi limene mudasakaniza ndi kathiriridwe kanu. Akakuuzani kuti ndi vairasi, chomeracho chiwotcheni pamodzi ndi kambatata kake, dothi lake mutaye kutali ndi dimba, ndipo musatengepo tsamba lotsika.